Mzere Umene Ndinafufuta

1

Dzina langa ndi Rahila, ndipo matenda anga kuyambira ndili mwana ndi akuti sindingaone chinthu chopiringizana n'kuchisiya. Anzanga akamasewera fulaye, ine ndinkakhala pakhonde ndikumasula ukonde wotayidwa ndi asodzi. Ukondewo sindinkaufuna. Ndinkangofuna kudziwa pamene kupiringizanako kunayambira.

Nditamaliza maphunziro a masamu ndi makompyuta ku Zomba, ndinabwerera kwathu ku Nkhotakota. Zinali zaka zoyamba za matipate. Aliyense anali atapeza ufulu woyankhula, ndipo ambiri ankaugwiritsa ntchito pa depoti ya minibasi. Bungwe lina linabweretsa makompyuta akale angapo, linabwereka chipinda kuseri kwa sitolo pa Boma, n'kundilemba ntchito yophunzitsa aphunzitsi ndi makalaliki.

Pamodzi ndi makompyutawo panabwera kabuku koyambira chiyankhulo chotchedwa Prolog. M'chiyankhulochi kompyuta suilamula kuti chita chakuti. Umaiuza mfundo zoona, umaipatsa malamulo, kenako umaifunsa. Iyo imalumikiza yokha n'kuyankha kuti inde kapena ayi. Kwa ine zinali ngati ndapeza mnzanga woyamba wondimvetsa.

Ophunzira anga sanapezemo mnzawo aliyense.

2

Kabukuko kankaphunzitsa pogwiritsa ntchito banja lina la kunja, la anthu amene mayina awo tinkalimbana nawo kuwatchula. Tinafika pa lamulo lakuti ana onse a abale ndi makazeni. Anakweza mkono ndi a Layson, mphunzitsi wa pulayimale wa ku Malengachanzi, munthu amene pakamwa pake sipankapuma.

"Madamu, mwana wa mayi anga aang'ono ndi kazeni?"

"Malinga ndi kabukuka, inde."

"Mwana wa amalume ndi kazeninso?"

"Inde."

"Ndiye makinawa sanaleredwe. Woyambayo ndi mlongo wanga, ndikamuyang'ana kawiri mudzi wonse undithira mphepo. Winayo ndi msuweni, mawa lomwe ndikhoza kumukwatira. Inu mwawathira m'dengu limodzi ngati usipa."

Anthu anaseka mpaka kugwira matebulo. Ine ndinaseka pang'ono, chifukwa ndinali nditaona pamene ukonde wakodwa. Anthuwa sankalephera kuganiza. Ankakana kukhulupirira banja labodza.

Ndinaika kabukuko pambali n'kuyamba kulemba kanga. Banja la kunja ndinalichotsa, ndinaikamo lathu, chifukwa ndi limene ndinkalidziwa popanda kufunsa munthu. Kapena nditi ndinkaganiza choncho.

mayi(mariamu, rahila).
mlongo(yakubu, mariamu).
bambo(yakubu, ikram).

"Werengani ngati mukuyankhula," ndinawauza. "Mariamu ndi mayi wa Rahila. Yakubu ndi mlongo wa Mariamu. Yakubu ndi bambo wa Ikram. Ndiye Ikram ndi ndani kwa Rahila?"

"Msuweni!" kalasi yonse inayankha.

"Ndiponso chibwenzi," anatero a Layson. "Lembani ndithu, Madamu, Boma yonse ikudziwa."

Sankanama. Ikram, mwana wa amalume anga a Yakubu, ankagula mpunga ku Bua n'kukagulitsa ku Lilongwe. Sukulu analekezera Fomu 2, koma ankatha kuyang'ana thumba n'kukuuza ngati mwini wake wathiramo mchenga. Ankanditchula kuti Profesa. Ndi munthu yekhayo amene ankandiseka ine n'kusangalala nazo. Amalume anali atavomereza kalekale. Ankati malemu akazi awo ankafuna zimenezi ana tili m'manja.

Otsala anali amayi. Sankakana, koma tsiku la nikaha, ukwati wathu wa Chisilamu, likangotchulidwa ankapeza chifukwa. Tidikire mpunga ukololedwe. Ramadhani ipite kaye. Denga likudontha, alendo tiwaika pati? Ine, katswiri womasula zinthu, ndinali nditapeza kale yankho: amayi sankafuna kuti digiri yawo ikwatiwe ndi Fomu 2. Ndinkawakwiyira chamumtima, ndipo ndinkanyadira kuti ndawatulukira.

3

Kabuku katsopano kanayenda ngati bwato lokhala ndi mphepo kumbuyo. Anthu amene sankatha kugwira kiyibodi anayamba kukangana za malamulo. Tinalemba la malume, la zakhali, la mlamu. Kenako a Layson anati tilembe loti ndani angakwatirane ndi ndani, "kuti makinawa akhaleko ndi ntchito."

Ndinalemba kuti awiri angakwatirane ngati si abale, ndipo abale ndi obadwa kwa mayi mmodzi kapena bambo mmodzi, kapena ana a azimayi apachibale, kapena a abambo apachibale.

Kumbuyo kunkakhala a Mwalimu Abdulwahab, ophunzitsa ku madrasa, amene analowa kalasiyo pongofuna kuti azitayipa okha zidziwitso za ku mzikiti. Anatsokomola mwaulemu.

"Mwanangu, lamulo lanu ndi labwino, koma kwa ife Asilamu laperewera. Mwaiwala ubale wa bere."

"Wa bere?"

"Ana amene anayamwa mayi mmodzi ndi pachibale, ngakhale anabadwa kosiyana. Mkaka umamanga ngati magazi. Awiriwo kukwatirana ndi haramu."

"Nanga ine amene ndinakulira mkaka wa mbuzi?" anafunsa a Layson. "Ndisiye kudya kanyenya?"

"Inu ubale wanu ndi mbuzi umaoneka ndi kale," anatero a Mwalimu, osamwetulira n'komwe.

Ine ndinakondwa kwambiri. Chinali chitsanzo chabwino chosonyeza kuti lamulo limodzi likhoza kukhala ndi njira zingapo. Ndinawonjezera kuti awiri ndi abale ngati pali mayi amene anayamwitsa onse awiri, ndipo ndinalemba pansi pake kuti Mariamu anayamwitsa Rahila. Kenako, mowonetsera, ndinafunsa kompyuta ngati Ikram ndi Rahila angakwatirane.

Inde.

Kalasi inaombera m'manja. A Layson anati tsopano chatsala n'kuwabweretsa amayi anga kuti makinawo awauze okha.

Nthabwalayo ndinaitenga ngati nzeru.

4

Ndinali ndi chifukwa chomveka. Kabuku ka oyamba kumene kayenera kuyesedwa pa munthu amene sanaonepo kompyuta, ndipo amayi anga sukulu yawo inali madrasa basi. Akamvetsa iwo, amvetsa aliyense. Chifukwa chinacho, chosamveka bwino, mwachidziwa kale.

Anabwera tsiku lina itatha swala, pemphero la masana, anakhala kunsonga kwa mpando, manja ali pamiyendo ngati ali kuchipatala. Ndinayamba pang'onopang'ono. Sipanafunike kutero. Amayi anagwira mfundo ndi malamulo msanga kuposa makalaliki anga onse. Kenako ndinafunsa funso langa lija, yankho n'kutuluka.

"Mwaona, amayi? Ngakhale makina akuvomera."

Iwo sanaseke. Anayang'ana galasi la kompyutayo nthawi yaitali.

"Imadziwa bwanji?"

"Sidziwa kanthu payokha. Imadziwa zimene taiuza."

"Nanga chimene sunaiuze?"

"Imati kulibe."

"Ngakhale chilipo?"

"Ngakhale chilipo. Ilibe mawu oti sindikudziwa. Chilichonse chimene sichinanenedwe imachitenga kuti sichinachitike."

Ndinasangalala ndi mmene ndinafotokozera, moti ndinathamangira kulemba mawuwo kuti akhale tsamba loyamba la kabuku kanga. Nditatembenuka, amayi anali akukonza mpango wawo pakhomo. Anati mutu ukuwawa.

Mawa lake anabweranso, osaitanidwa, ophunzira atangoweruka.

"Ndionetse pamene pali zilembo. Ndikufuna kulemba ndekha."

Analemba ndi chala chimodzi, akusakasaka chilembo chilichonse. Sanaiwale ngakhale kadontho ka kumapeto. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikunyadira wophunzira wanga, mpaka mzerewo unatha.

anayamwitsa(mariamu, ikram).

"Tsopano ifunse," anatero.

Ndinafunsa. Kompyuta sinachedwe, sinachite manyazi.

Ayi.

5

"Chaka chimene unabadwa," anayamba amayi, maso ali pa kiyibodi, "amalume ako anadandaula pa msika za mtengo wa mpunga. Masiku amenewo mawu otero ankasowetsa munthu. Wina anawatsina khutu kuti akufunidwa. Iwo ndi akazi awo anawoloka nyanja kupita ku Mozambiki. Khanda lawo, Ikram, silikanatha ulendo umenewo, ndipo kulira kwake kukanawaulula. Analisiya kwa ine pamodzi ndi zitini za mkaka."

"Ndiye anali ndi mkaka."

"Unatha. Ndikanapita kusitolo, ine mayi woyamwitsa, kukagula mkaka wa m'chitini, anthu akanafunsa kuti ngwa mwana wa ndani. Ndinayesa phala, ankasanza. Anayamba kufota ndikuona. Iwe unali bere ili, iye ndinamuika bere ili. Mpaka makolo ake anabwerera, mvula itagwa n'kutha."

"Bwanji simunawauze?"

Apa m'pamene amayi analira.

"Mayi ake pochoka anandigwira dzanja. Anati, mlamu, mupatse chilichonse koma usamupatse bere lako, ameneyu ndi mwamuna wa Rahila. Ankaseka, ali m'misozi. Ine ndinalumbira. Atabwerera anandifunsa, ndinati zitini zinakwana. Anamwalira akukhulupirira zimenezo. Bambo ako ankadziwa, anapita nazo kumanda. Ndinkati mukadzakula aliyense adzaona kwake. Kenako ndinaona mmene umasekera iye akalowa."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinawakumbatira. Chimene ndinachita ndi ichi: ndinakoka kiyibodi, ndinapita pa mzere wawo, ndinaufufuta chilembo ndi chilembo kuyambira kumapeto. Ndinafunsanso.

Inde.

"Taonani," ndinatero. "Amene akudziwa ndi inu ndi ine. Si magazi. Palibe mwana adzabadwe wolumala chifukwa cha mkaka."

"Amene akudziwa ndi atatu, Rahila."

Sindinafunse kuti wachitatu ndi ndani. Ndinakulira m'nyumba ya swala.

Amayi anaimirira. "Ine mtolo umenewu ndausenza zaka zako zonse. Lero ndatula. Ukaunyamula, nyamula ukudziwa kulemera kwake."

Lachisanu lotsatira, amalume atafunsanso za tsiku la nikaha, amayi sanatchule denga. Anati, "Funsani mwini wake." Ndipo ine ndinatchula mwezi.

6

Masabata amene anatsatira ndinali mkwatibwi wanzeru kwambiri m'Nkhotakota monse. Ndinkafuna kabowo m'lamulo monga ndinkafunira kumene ukonde wayambira. Ndinapita kwa a Mwalimu ndi nkhope ya munthu wokonza kabuku.

"Tiyerekeze mwana anayamwa kamodzi kokha. Lamulo lija ligwirabe?"

"Akuluakulu a chipembedzo amasiyana pa kachulukidwe kake. Kamodzi, ena amati sikokwanira."

"Nanga miyezi?"

"Miyezi palibe amene amasiyana." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kabuku kanu kafika patali, mwanangu."

"N'chitsanzo chabe."

"Inshallah," anatero, ndipo sanafunsenso.

Ikram anabwera ndi nsalu za ku Lilongwe kuti ndisankhe. Anaziyala pa mphasa ngati wamalonda, akundinyengerera mtengo mwanthabwala. "Iyi, Profesa, ndi ya anthu a digiri. Iyi ndi ya ife osauka." Ndinasankha yobiriwira. Dzanja lake litakhudza langa ndinalichotsa ngati ndagwira mbaula, ndipo iye anaganiza kuti ndi manyazi a ukwati. Amayi ankasoka, ankapeta mpunga, ankalandira alendo. Sanandiyang'anepo m'maso.

Chakudya chinasiya kulowa. Anthu ankati chikondi chandiwondetsa, ndipo mwina sankalakwa.

7

Tsiku lotsekera maphunziro abungwe anaitana achibale kuti adzaone zimene taphunzira. Panali fanta ndi masikono. Amalume anabwera atavala kanzu yoyera, Ikram ali pambali pawo, amayi kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mkulu wa bungwe anayamikira kabuku kanga, anati akasindikiza kuti kapite maboma ena.

Ophunzira anaonetsa malume, zakhali, mlamu. Kenako a Layson anaimirira.

"Madamu, funso lathu lija! Eni ake alipo lero."

Ndinalemba. Zala zinkadziwa njira.

Inde.

Nthungululu inamveka mpaka kusitolo. Amalume anapukuta m'maso ndi mkono wa kanzu, akutchula dzina la malemu akazi awo. Ikram anawerama pafupi ndi galasi, akumwetulira.

"Profesa, ine ndine wa Fomu 2, mundikhululukire. Kanthu aka kamadziwa bwanji?"

Anayankha ndi a Layson, wophunzira wanga wopambana, akulakatula tsamba loyamba la kabuku kanga ngati ndakatulo ya pa asembule.

"Sidziwa kanthu payokha! Imadziwa zimene taiuza. Chimene sichinanenedwe imachitenga kuti sichinachitike!"

"Ndiye munthu akhoza kuinamiza?"

"N'kuvutikiranji kunama, achimwene? Ungoibisira basi. Iyo ikunamira yokha, mosangalala."

Anthu anaseka. Ikram anaseka kwambiri. Ine ndinayang'ana kuchitseko. Amayi ankandiyang'ana, koyamba m'masabata onse aja. Sanali okwiya. Ankangodikira, ngati mmene ankadikirira ndili mwana kuti ndimalize ndekha kumasula ukonde.

Ndinali nditalemba kabuku komveka bwino kwambiri moti ngakhale ine ndinakamva.

8

Anthu atatuluka ndinamuuza Ikram kuti atsale. Ndinamukhazika pa mpando umene anakhalapo amayi.

"Lemba zimene ndikuuze."

"Mayeso, Profesa? Nikaha isanachitike?"

Ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi. Ankalemba akuseka zala zake zonenepa. Atafika pa dzina lake kuseka kunatha. Anawerenga mzerewo chapansipansi, monga ndinkaphunzitsira: Mariamu anayamwitsa Ikram. Sanafunike kompyuta kuti imuuze tanthauzo lake. Madrasa anapitako kuposa ine.

Ndinamufotokozera zonse, za bwato, za zitini, za lumbiro. Anamvetsera atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku la nikaha lisanatchulidwe."

"Unatchula ndiwe."

"Inde."

"Pamene unkasankha nsalu yobiriwira ija, unkadziwa."

Ndinavomera ndi mutu.

"Azakhali ndikuwamva," anatero, mawu ali otsika kwambiri. "Anaswa lumbiro kuti ine ndikhale moyo. Nanga iwe, Rahila? Ukanandilowetsa m'nyumba ndisakudziwa. Tchimo likanakhala la tonse, koma wosankha unali wekha."

"Sindinkafuna kukutaya."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikupweteka."

Anaimirira, anatenga kofia yake. Pakhomo anaima ngati akufuna kunena nthabwala, chifukwa sanatulukepo m'chipinda chimene ndili popanda nthabwala. Sanaipeze.

9

Nikaha inalephereka. Amalume sanaponde pakhomo pa mlongo wawo dzinja lonse; ankati amayi ananamiza munthu wakufa. Mu Boma nkhani inayenda ndi miyendo yambiri. Ena ankati ndapeza mzungu wa kubungwe. Ambiri ankati makina a Rahila anakana ukwati, ndipo azimayi awiri anabwera kudzandipempha kuti ndiyeze zibwenzi za ana awo. Ndinawauza kuti akafunse azakhali awo, ndi otchipa komanso amadziwa zambiri.

Ikram anasamukira ku Bua. Sindinamuone mpaka mpunga wina utakololedwa. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamupeza pageti pathu akutsitsa thumba pa njinga ya kabaza. Anali atawonda. Tinayang'anizana ngati anthu amene aiwala chiyankhulo.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anatero.

Osati Profesa. Osati msuweni. Ndinamva ngati chitseko chatsekedwa mwaulemu, popanda kumenyetsa.

"Ndaswera, achimwene."

Analoza thumba lija. "Uwu ndi wa amayi. Alipo?"

Moyo wake wonse ankawatchula kuti azakhali. Amayi anali pakhonde, ndipo anamva. Anatsika masitepe atagwira pachifuwa, ndipo mwana amene anamubisa pa bere anagwada n'kuwapatsa moni ngati mwana wawo. Ine ndinanyamula ngodya ya thumba, chifukwa panafunika wina wothandiza kulilowetsa m'nyumba, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mlongo.

10

Inu amene mukuwerenga, mwina mukufuna ndikuuzeni amene analakwa. Ndayesa kulemba lamulo lake ndipo silituluka. Amayi anabisa kuti mwana asafe, m'zaka zimene kukhala chete kunali njira yokhalira moyo. Ine ndinabisa m'zaka zimene aliyense ankafuula pa depoti, ndipo ndinabisira munthu mmodzi yekhayo amene nkhaniyo inali yake. Ndikuganizabe masiku ena kuti mkaka si magazi. Koma kaya ndi magazi kaya ayi, Ikram anayenera kuuzidwa kuti asankhe yekha.

M'nyumba zambiri muli mzere umene wina anafufuta, ndipo onse amafunsa n'kulandira inde wosangalatsa. Ngati mzerewo uli m'manja mwanu, musadikire kuti nsalu zigulidwe.

Kabuku kanasindikizidwa. Mayina ndinasintha, koma lamulo la a Mwalimu ndinalisiya, ndipo aphunzitsi amati ndi pamene ophunzira amagalamuka. Kumapeto ndinawonjezera ntchito imodzi: lembani banja lanu, kenako musanafunse kompyuta chilichonse, pitani kwa mayi anu muwafunse ngati pali chimene mwasiya.

Ikram anakwatira mtsikana wa ku Bua. Pa nikaha yawo ndinagawa mpunga kwa alendo pamodzi ndi alongo ena, nditavala nsalu yobiriwira. Inali itagulidwa kale.